Madzi akazizira, zombo zimabwerera kumtunda: Al Gaffal ya ku Dubai ndi mwera wa kwathu

Kaya muli m'basi ku Johannesburg, kaya mwangoweruka kumene ku ntchito ya usiku ku Dublin, kaya muli konkuno ku Dubai ngati ine, takulandirani. Lero ndikulankhula nanu kuchokera ku Al Quoz, ndipo mukamva kaphokoso chakumbuyoku musadabwe, ndi malole omwe akudutsa panjapa.

Sabata yathayi ine ndi anzanga a m'chipinda tinachita chinthu chomwe sitinachitepo chiyambire Meyi. Tinazimitsa AC usiku n'kutsegula windo. Kamphepo kanalowa, ndipo aliyense anangoti, basi, nyengo yasintha. Tili kumapeto kwa Okutobala. Ndikanena kuti kuzizira kukubwera, a ku Dedza ndi a ku Mzuzu musaseke. Kuzizira kwa kuno ndi madigiri 14 kapena 15 m'mawa mu Januwale, masana n'kufika cha m'ma 24. Koma munthu amene wakhala miyezi inayi akupsa ndi madigiri oposa 40, juzi amaifunafuna ndithu.

Nkhani yanga lero ndi ya zombo: nthawi yomwe zimasiya kuyenda, chifukwa chake, ndi ntchito zomwe zimatsatira zikafika kumtunda. Mwina mukufunsa kuti munthu wa makompyuta zombo akuzidziwira kuti. Mvetserani.

Al Quoz si Dubai ya pa zithunzi za pa Instagram ija. Ndi dera la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu, magalaja ndi nyumba zogona antchito, pakati pa msewu wa Sheikh Zayed ndi wa Al Khail. Nyanja ili kutsidya kwa msewu waukuluwo, sitiiona n'komwe. Ntchito yanga ndi yoyenda m'makampani ang'onoang'ono kukonza makompyuta, intaneti ndi makamera a chitetezo. Masiku apitawa anandituma ku shedi ina komwe amakonza maboti. Inde, maboti pakati pa fumbi, amabwera nawo pa ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ndinapeza piringupiringu: ena akumangitsa ma injini, ena akupaka penti, eni maboti akuimba foni kufunsa kuti lawo lituluka liti. Kapitawo wa pamalopo, bambo wachikulire wa ku Kerala, anandiuza kuti chaka chilichonse mwezi uno ndi choncho. Maboti ambiri amakhala pamtunda nthawi yotentha, ndiye kukayamba kuzizira aliyense amafuna lake libwerere pamadzi. Kenako anati: "Koma kale zinali zotembenuza. Mwezi uno ndi pomwe zombo za kuno zinkakhala zitabwerera kumudzi."

Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Tsiku lopuma ndinapita ku Al Shindagha Museum, m'mbali mwa Dubai Creek, ndinawerenganso zina, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe ndikufuna kukugawirani.

Mafuta asanapezeke, chuma cha gombe lino chinali ngale. Ngale imapezeka m'kati mwa nkhono za pansi pa nyanja, zija za zigoba ziwiri zofanana ndi nkhombe zathu. Mzungu wina, J. G. Lorimer, yemwe analemba kaundula wa madera a Gulf kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anawerenga zombo zosaka ngale zoposa 1,200 pa gombe lomwe lero ndi United Arab Emirates, ndipo 335 mwa zimenezo zinali za ku Dubai. Amuna oposa 20,000 ankakwera zombozo. Tangoganizani, midzi yake inali ing'onoing'ono, ndiye nyengo ikafika kumtunda kunkatsala amayi, ana ndi nkhalamba.

Nyengo yaikulu ankaitcha al ghaws al kabir, kutanthauza kumira kwakukulu. Inkayamba mu Juni n'kutha chakumapeto kwa Sepitembala, miyezi inayi pamadzi. Mkulu wa chombo anali nakhoda. Womira m'madzi ankatchedwa ghais, ndipo aliyense anali ndi mnzake wotchedwa saib, amene ankatsala m'chombo atagwira chingwe. Womirayo ankatseka mphuno ndi kapanirizo ka chigoba cha kamba wa m'nyanja, kuvala tizikopa kunsonga za zala, kupachika dengu m'khosi, n'kuponda mwala wolemera womangidwa ku chingwe kuti umutsitse msanga. Pansi, pa mamita 10 kapena 15, ankatola nkhono kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mpweya ukamuthera n'kugwedeza chingwe. Saib akachedwa kukoka, munthu wapita. Ankachita zimenezi kambirimbiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Masana ankangodya zipatso za kanjedza ndi khofi pang'ono, chifukwa wokhuta samira bwino. Mpunga ndi nsomba zinali za usiku. Panalinso nahham, woimba, yemwe ntchito yake inali kutsogolera nyimbo anthu akamakoka nangula kapena kupalasa, monga momwe asodzi athu amachitira pokoka khoka.

Funso ndi lakuti, anthu ankasankhiranji miyezi yotentha kwambiri pa chaka? Yankho lili m'madzi. Munthu womira tsiku lonse opanda chovala chomuteteza amataya kutentha kwa thupi mwachangu, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya. M'chilimwe madzi a Gulf amaposa madigiri 30, ndipo munthu atha kubwereza kumira mpaka madzulo. M'nyengo yozizira amatsika kufika cha m'ma 20, ndipo pa madzi otero thupi limayamba kunjenjemera, zala kuuma, mpweya kufupika. Nyengo yozizira imabweranso ndi shamal, mphepo ya kumpoto chakumadzulo yomwe imatha kuwomba masiku angapo osapuma n'kuvundula nyanja. Choncho wolamula kuti nyengo yatha sanali mwini chombo kapena wogula ngale. Anali madzi ndi mphepo.

Chizindikiro choyamba chinkaoneka kumwamba. Chakumapeto kwa Ogasiti nyenyezi yotchedwa Suhail, yomwe Azungu amati Canopus, imayamba kuoneka chakummwera m'bandakucha. Anthu a kuno ankawerengera chaka chawo kuyambira pamenepo, m'magawo a masiku khumikhumi, ndipo kalendala imeneyo amaitcha durour. Mpaka lero nyuzipepala za kuno zimalemba nkhani Suhail ikaoneka. Sikuti kutentha kumatha tsiku lomwelo, ayi, koma aliyense amadziwa kuti msana wake wathyoka. Patapita mwezi ndi masiku, mkulu wa zombo zonse za doko, yemwe ankatchedwa sardal, ankapereka chizindikiro pokweza mbendera kapena kuliza mfuti yaikulu, ndipo zombo zonse zinkazula nangula pamodzi kulunjika kumudzi. Ulendo wobwererawo ndiwo al gaffal, kutanthauza kubwerera. Kumtunda amayi ankakhala akudikira pa gombe, akuyang'ana matanga kuti aone ngati chombo cha mwamuna wawo kapena mwana wawo chilipo. Ena ochepa ankabwereranso m'madzi kwa masabata angapo mu Okutobala, koma nyengo yeniyeni inkakhala itatsekedwa.

Chombo chikafika, ntchito ya kumtunda inkayamba. Ankachikokera pa mchenga n'kuchichirikiza ndi mitengo. Ankapala ndere ndi tizigoba tomwe tamatirira pansi pake. Mipata ya pakati pa matabwa ankaitseka ndi thonje lonyika m'mafuta, kulikhomerera ndi chitsulo. Mbali yokhala m'madzi ankaipaka laimu wosakaniza ndi mafuta a nyama, kuopa tizilombo toboola matabwa, pomwe mbali ya pamwamba ankaipaka mafuta a nsomba ya shaki kuti thabwa lisang'aluke ndi dzuwa. Chisamaliro chonsechi chinali ndi chifukwa. Kuno kulibe mitengo yopangira zombo, matabwa ankachokera kutali ku gombe la Malabar ku India, kwawo kwa kapitawo uja. Chombo chikaola, munthu sakanangolowa m'nkhalango kukadula china. Matanga ankawasoka n'kuwapinda, zingwe kuziyanika. Amuna ena ankabwerera ku minda ya kanjedza ndi ngamila zawo ku Liwa ndi madera ena a m'kati, ena ankasodza pafupi ndi gombe, ndipo ena ankakwera zombo zikuluzikulu zamalonda zomwe zinkanyamuka nthawi yomweyo kupita ku India ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Luso lopanga zombo zamatabwa likadalipo ku Al Jaddaf, m'mbali mwa Creek momwemo.

Koma ntchito yolemera kuposa zonse sinali ya manja. Inali ya mabuku. Ngale zinkagulitsidwa kwa amalonda otchedwa tawwash, ndipo zambiri zinkathera ku Bombay. Pa ndalama zomwe zapezeka ankayamba achotsa gawo la mwini chombo, mtengo wa chakudya chonse cha miyezi inayi ndi msonkho, kenako zotsalazo n'kugawana, womira kulandira gawo lokulirapo kuposa wokoka chingwe. Vuto linali lakuti womirayo ankakhala atatenga kale ngongole kwa nakhoda. Nyengo isanayambe ankapatsidwa ndalama ndi mpunga kuti asiyire banja, zomwe ankazitcha salafiya. M'nyengo yozizira, pomwe kunalibe ntchito, ankapatsidwanso zina zotchedwa tisqam. Zonsezi zinkalembedwa m'buku la nakhoda, pomwe omira ambiri sankatha kuwerenga. Chaka chikakhala choipa, munthu ankatsika m'chombo ali ndi ngongole yoposa yomwe anakwera nayo, ndipo sankaloledwa kupita kwa nakhoda wina pokhapokha watsopanoyo aigule ngongoleyo. Akamwalira, ngongole inkagwera mwana kapena m'bale wake. Ndiye mwaonatu, chombo chinkabwerera kumudzi, koma munthu ankakhala atamangidwa kale ku nyengo yotsatira.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a Malawi. Ambiri mwa omira m'madziwa anali anthu akuda, akapolo kapena ana a akapolo ochokera kum'mawa kwa Africa. Katswiri wa mbiri Matthew Hopper anafotokoza zimenezi m'buku lake la 2015 lotchedwa Slaves of One Master. Mphepo yomwe inkatengera zombo ku Zanzibar kuyambira Disembala, ija Aswahili amati kaskazi, inkatembenuka mu Epulo n'kukhala kusi, ndipo zombo zinkabwerera kuno ndi minyanga, mitengo ndi anthu. Kumbukirani zomwe tinaphunzira ku pulayimale za Jumbe wa ku Nkhotakota. Salim bin Abdallah anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, ndipo iye ndi omutsatira ankawolotsa akapolo pa nyanja yathu ndi zombo za matanga za mtundu womwewu. Kutsidya ankawayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa ku Kilwa ankachokera m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, ndipo ena mwa iwo anawolotsedwa mpaka ku Arabia. Kapolo akamira, gawo lake linkapita kwa mbuye wake. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo pa gombe lino mu 1963, chaka chimodzi chokha dziko lathu lisanalandire ufulu. Choncho mnyamata wa ku Salima ngati ine akaima pa Creek, asamadzione ngati woyamba wa kwathu kufika m'madzi amenewa.

Malonda a ngale anagwa mwadzidzidzi. Ku Japan, Kokichi Mikimoto ndi anzake anapeza njira yoweta nkhono kuti zizibala ngale, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 ngale zowetazo zinali zitadzaza misika pa mtengo wotsika. Kenako chuma cha dziko lonse chinagwa mu 1929, olemera a ku Ulaya ndi ku America n'kusiya kugula. Zombo zinaolera pa mchenga, kuno kunagwa njala, ndipo akapolo ambiri ankathawira ku maofesi a Angelezi ku Sharjah, Bahrain ndi Muscat kukapempha chikalata cha ufulu. Dubai inadzapeza mafuta mu 1966.

Dzina la Al Gaffal likadali moyo. Kuyambira 1991, bungwe la Dubai International Marine Club limachititsa mpikisano wa zombo zamatabwa za matanga, zotalika mamita 18, womwe unayamba ndi thandizo la malemu Sheikh Hamdan bin Rashid Al Maktoum. Zombo zoposa 100 zimanyamuka m'mawa pa chilumba cha Sir Bu Nair, komwe osaka ngale ankapumira, n'kuyenda makilomita pafupifupi 90 kufika ku Dubai. Ndi mpikisano wotsekera nyengo ya masewera a pamadzi, ndipo umachitika chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Mwaiona nkhani ija ya kapitawo? Gaffal yakale inkatseka nyengo kuzizira kukamabwera, ya lero imatseka kutentha kukamabwera. Olemera amatsika pamadzi mwezi womwe osauka akale ankakwera. Ngakhale lamulo loletsa kugwira ntchito padzuwa masana, kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, limagwira ntchito kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Sepitembala, pafupifupi masiku omwewo a kumira kwakukulu.

Tsopano tiyeni tibwerere kwathu pang'ono, chifukwa nkhani ya kuzizira kotsitsa anthu pamadzi ine ndinakula nayo. Amalume anga ndi msodzi ku Salima. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomwe ku Blantyre kumakhala chiperoni, pa nyanja pamawomba mwera, mphepo ya kummwera chakum'mawa. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500 ndipo inagona motsata njira ya mphepoyo, ndiye mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira. Mwera ukalimba umatha masiku angapo, ndipo msodzi wanzeru sakankha bwato. Sitima ya MV Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi, m'nyengo yomweyi, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo, nanga bwato la mtengo umodzi? Mpaka lero a zanyengo amachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo amayi a m'tauni amadziwira pa mtengo wa usipa kuti kunyanja kwavuta.

Masiku a mwera pa doko sipakhala ulesi. Ndikukumbukira amalume atayala chilimira pa mchenga, anyamata asanu ndi mmodzi atakhala mondondozana, aliyense akusoka pomwe pang'ambika. Bwato long'aluka ankalikhomera kachidutswa ka lata n'kumata phula. Nyali zokopera usipa ankazipukuta, injini kuitsegula n'kuitsuka. Ndipo madzulo ake amalume ankatulutsa kope, kuitana alovi awo mmodzimmodzi, kuwerengera zomwe aliyense anatapa ndi zomwe watsala nazo. Mikangano inkabuka pomwepo, koma inkatheranso pomwepo.

Kufupi ndi kwathuko kuli chilumba cha Mbenje, komwe kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi mu Disembala n'kutsegula mu Epulo. Kumeneko chotseka si kuzizira, koma mvula, ziphaliwali ndi nthawi yomwe nsomba zimaswana. Nyengo ikatsekedwa aliyense amachoka pa chilumba n'kupita kukalima. Boma nalo lili ndi nyengo yake yoletsa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pofuna kuteteza chambo. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti anthu a m'madzi, kaya ku Sir Bu Nair kaya ku Mbenje, chaka chawo chili ndi tsiku lotsekera. Pa tsikulo amatsika, amakonza zida, amawerengera, ndipo amaonana ndi abale awo.

Ife a kunja tsiku limenelo tilibe. Nyumba zosungira katundu za ku Al Quoz zimayenda Januwale mpaka Disembala, ndipo AC imapangitsa miyezi yonse kuoneka yofanana. N'zoona kuti pa ntchito yanga pali timantchito ta nyengo ino. Kukazizira ndi pomwe timakwera pa madenga kukasintha mawaya a makamera omwe apsa ndi dzuwa, chifukwa mu Julaye lata simungaligwire n'komwe. Timatsegula makompyuta akuluakulu kupemerera fumbi la chilimwe chonse. Timayesa mabatire a ma UPS, tija timabokosi tosunga magetsi, chifukwa batire la mtovu limakonda madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 okha moyo wake umadulidwa pakati. Timakwezanso zida zonse kuzichotsa pansi, chifukwa mvula ya kuno imabwera m'nyengo yozizira, ndipo amene analipo pa 16 Epulo 2024 akukumbukira momwe misewu ya Al Quoz inasandukira mitsinje. Zida za abwana ndimazisamala chaka ndi chaka. Koma kwa zaka ziwiri zoyambirira sindinakhalepo pansi kuwerengera za ine mwini.

Ndikuuzeni zoona, abale anga. Ine kuno ndinabwera ndi ngongole. Ndinatenga katapila kuti ndilipire tikiti ndi munthu wina yemwe anati andipezera ntchito. Digiri ndinali nayo m'chikwama, koma ndinalipira osafunsa. Nditafika, mwezi uliwonse ndalama inkangodutsa m'manja: katapila, fizi ya mlongo wanga, feteleza, maliro, kenako kukongolanso kwa mnzanga wa m'chipinda kuti ndifike pa 30. Chiwongoladzanja sindinkachiwerengera, ndinkangotumiza zomwe wandiuza mwini ndalama. Tsiku lina mu Julaye ndinaimbira amalume pa WhatsApp. Mphepo inkamveka pa foni, anali pa doko akusoka ukonde. Nditawauza kuti chaka chimenechonso sindibwera, anangoti: "Mphwanga, ife kuno mwera umatitsitsa. Nanga iwe kumeneko chimakutsitsa n'chiyani?" Ndinati, "Amalume, kuno kulibe mwera." Iwo anati, "Ndiye udzipangire wako."

Nditawerenga za buku la nakhoda ndinadziona ndekha. Sindikunena kuti ndife akapolo, ayi, kutero kungakhale kunyoza anthu omwe anavutika zenizeni. Pasipoti yanga ili m'thumba mwanga, ndipo ndikhoza kusiya ntchito. Koma msampha wa kulandira ndalama usanagwire ntchito, wina n'kumakusungira buku lomwe iwe suliona, ndi womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timatha kuwerenga.

Ndiye chaka chilichonse, sabata yomwe tazimitsa AC koyamba, ndimatenga tsiku limodzi lopuma n'kuchita gaffal yanga. Choyamba ndimalemba ngongole zonse pa pepala limodzi: kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, ndi mwezi womwe ithe. Chaka choyamba kuchita zimenezi ndinapeza kuti katapila uja ndinali nditabweza kale kuposa kawiri ndalama yomwe ndinatenga. Ndinatuma amalume ndi pepala la masiku ndi ndalama zonse zomwe ndinatumiza, anakakhala pansi ndi mwini wake pamaso pa mboni, ndipo nkhani inatsekedwa.

Chachiwiri ndimayang'ana mapepala: pasipoti itha liti, viza itha liti, Emirates ID, ndi kontirakiti. Ndimajambula zonse n'kusunga pa intaneti, komanso kutumiza kwa m'bale mmodzi kumudzi. Kwa inu omwe muli kuno kapena mukufuna kubwera, dziwani izi. Lamulo la ntchito la dziko lino, nambala 33 la 2021, limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera ntchito, kaya mwachindunji kaya kudzera mwa munthu wina. Bwana saloledwanso kukusungirani pasipoti mokukakamizani. Madandaulo amapita ku unduna wa zantchito womwe timautcha MOHRE. Ogwira ntchito za m'nyumba ali ndi lamulo lawolawo, ndiye iwo afunse za limenelo.

Chachitatu ndimawerengera ndalama ya kumapeto kwa ntchito, ija timati gratuity. Mukagwira chaka chathunthu kapena kuposerapo, mumayenera malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse kwa zaka zisanu zoyamba, kenako masiku 30 pa chaka chilichonse chotsatira. Koma samalani, amawerengera pa malipiro oyambira okha, aja amalemba kuti basic, osaphatikiza za nyumba ndi za mayendedwe. Ngati basic yanu ndi ma dirham 2,000, tsiku limodzi ndi pafupifupi 67, ndiye pa chaka ndi 1,400. Ambiri timangoyang'ana ndalama yonse yolowa m'banki, tsiku lochoka n'kudabwa kuti envulopu yapepuka. Lamulo limati ndalamazi zilipidwe pasanathe masiku 14 kontirakiti itatha.

Chachinayi ndi chombo chenichenicho, thupi. Ndimapita kukayezetsa magazi, shuga ndi impso, chifukwa chilimwe cha kuno chimaumitsa munthu osadziwa. Omira akale ambiri ankathera ku matenda a makutu ndi maso. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala, ndipo pa nkhani ya ngale mwambiwu wagwera pake penipeni.

Chomaliza ndimasankha tsiku lopita kumudzi n'kuuza abwana nthawi ikadalipo. Lamulo limapereka masiku 30 a tchuthi pa chaka. Anzanga ena amakonda kusapita kuti asunge ndalama ya tikiti, ndipo ndimawamvetsa, inenso ndinachitapo. Koma mwana yemwe munamusiya akukwawa sadikira. Chaka chino ndasankha Juni. Kuno kudzakhala ng'anjo, kwathu kudzakhala mwera, ndipo amalume adzakhala pamtunda ndi nthawi yocheza. Ndawauza kale kuti andisungire malo pa mzere wosoka ukonde.

Komwe muliko nyengo yake ndi ina. A ku Ulaya masamba akugwa, a ku Joni mvula yayamba. Sankhani chizindikiro chanu, kaya ndi tsiku lomwe mwatulutsa jekete, kaya ndi bingu loyamba, ndipo tsiku limenelo mukhale pansi ndi pepala ndi cholembera. Mutilembere kutiuza zomwe mwapeza, ndipo ngati kwanu ndi kunyanja, mutiuzenso zomwe agogo anu ankachita masiku a mwera, tidzawerenga m'pologalamu yotsatira.

Ine mawa m'mamawa ndili pa denga lina ku Al Quoz 3, kusintha mawaya dzuwa lisanakwere.